Otsatira Chikwi a Mayi Nkhwali

Padangokhala, m'masiku amene nyama ndi mbalame zidayamba kuyenda ndi mafoni, padali Nkhwali wina wodziwa kupeka nthano. Adali ndi mwamuna ndi ana anayi. Woyamba kutuluka m'dzira adali Sungeni, choncho anzake ankamuitana kuti amake Sungeni.

Nthano zake ankazilemba m'kope ana akagona masana. Zitakwana makumi awiri, adanyamula kope lija napita kwa a Nungu, eni ake a makina osindikizira mabuku. A Nungu adavala magalasi, nawerenga tsamba loyamba, naseka mpaka minga yawo idachita kugundana.

"Izi ndi zokoma, mayi. Koma amakudziwani ndani?"

"Amuna anga amandidziwa, bwana."

"Amuna anuwo adzagula mabuku angati?"

"Adzabwereka langa."

"Mwaonatu," adatero a Nungu. "Masiku ano wolemba amabwera ndi anthu ake kumbuyo. Katseguleni tsamba pa foni. Mukapeza otsatira chikwi chimodzi mvula yoyamba isanagwe, buku lanu lituluka. Ikangogwa ine ndimatseka makina, chifukwa mapepala amakoka chinyontho. Ndipo mzere wa chaka chamawa wadzaza kale."

Nkhwali adapita kwa mnzake Nthengu, amene adali ndi otsatira ambirimbiri chifukwa ankadziwa kutengera mawu a mbalame zina. Nthengu adamutsegulira tsamba pomwepo. Netiweki m'dera la Nkhwali inkagwira pa chulu chimodzi chokha, kutali ndi chisa chake, ndipo zimenezi zidamukhazika mtima pansi. Nkhwali adakwera pachulupo, naika nthano imodzi yathunthu, nabwerera kwawo.

Patapita masiku atatu adali ndi otsatira atatu. Woyamba adali mwamuna wake. Wachiwiri adali Kamba, amene adalemba kuti wayamba kuwerenga ndipo adzanena maganizo ake mwezi wamawa. Wachitatu adali wina wodzitchula kuti Njiwa wa Mtendere, wa chithunzi cha nkhope yofatsa, amene adalemba kuti: "Zogwira mtima, mayi. Anawo ali bwanji?"

Nthengu atamva adaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa panthambi.

"Amake Sungeni, nkhani yonseyi awerenge ndani? Anthu amafuna kuona. Ikanipo ana anuwo, ndi okongola. Taonani Mbewa, adangojambula ana ake ali m'dengu, otsatira mazana anayi tsiku limodzi. Chonsecho satha n'kulemba dzina lake lomwe."

"Ayi, asisi. Kumbuyo kwa mwana kumaoneka chitsamba, ndipo chitsamba chimaloza njira."

"Ndiye ikani miyendo yawo yokha."

"Miyendo imaponda pansi. Dothi nalonso limadziwika."

"Aaa, inu ndi mantha anuwo! Buku limeneli mudzaliwerengera achule mvula ikugwa."

Tsiku limenelo ana atadya, Nkhwali adayamba kuwasimbira nthano monga ankachitira nthawi zonse. Akanena chiganizo, iwo ankavomera kuti tili tonse. Koma Lekeleni, wamng'ono pa onse, adali atakwiya chifukwa chiswe chake chidamuthawa, ndipo sadavomere. Nkhwali adaimitsa nthano. Enawo adamutembenukira mbale wawo.

"Vomera iwe! Amama sapitiriza!"

"Sindifuna."

"Vomera, tikupatsa chiswe changa mawa!"

Lekeleni adavomera, nthano idapitirira. Koma Nkhwali adaimaliza maganizo ali kwina. M'mawa mwake adakwera pa chulu, nalemba mzere umodzi wokha: "Padali Nkhono amene adalembedwa ntchito yonyamula makalata." Pansi pake adawonjezera kuti: "Kwathu nthano siyenda popanda ovomera. Sindipitiriza mpaka avomere khumi."

Mwamuna wake adavomera. Njiwa wa Mtendere adavomera. Tsono pa masamba amenewa, wina akalemba ndemanga, anzake onse amaona kuti uje walemba penapake. Anzake a bambo a Sungeni adabwera kudzaona kuti mnzawo akuvomera chiyani, ndipo atamva za Nkhono wonyamula makalata, nawonso adavomera. Dzuwa lisanafike pamutu, khumi adakwana.

Nkhwali adaika mzere wachiwiri, wonena kuti kalata yoyamba imene Nkhono adapatsidwa idali yoitanira anthu ku ukwati wa Loweruka. Apa adafuna ovomera makumi atatu. Tsiku lotsatira adafuna makumi asanu. Owerengawo ndiwo adayamba kumugwirira ntchito. Gwape adapita kukadzutsa apongozi ake. Nyani adabwereka mafoni a akazi ake onse atatu. Pachitsime nkhani idali yomweyo.

"Mwavomera kale inu?"

"Bandulo yandithera."

"Tengani foni yanga! Tikufuna tidziwe ngati kalata ija idafika."

Kalata ija idafika mwana wa eni ukwati atayamba kukwawa, ndipo tchire lonse lidaseka. Otsatira adafika mazana atatu. Koma adaima pomwepo, pakuti amene ankadziwa kuwerenga adali atatha. Kum'mawa mitambo idayamba kusonkhana.

"Osawerengawo ali ndi makutu," Nkhwali adauza mwamuna wake. "Nthano yopanda nyimbo ndi ndiwo zopanda mchere."

Adakwera pa chulu, najambula mawu ake akuimba nyimbo ya Nkhono. Idali nyimbo ya wapaulendo wodzitama kuti wafika kale pamene sadatuluke n'komwe pabwalo. Woyambitsa ankakoka mawu pang'onopang'ono ngati akukwawa, ndipo ovomera ankayenera kuyankha mofulumira, mawu ochepa okha, ngati akumukankha kumbuyo. Nkhwali adati aliyense atumize mawu ake akuvomera, apo ayi Nkhono sasuntha.

Mawu adayamba kugwa ngati matalala. Achule adatumiza kwaya yonse. Fisi adayesa kanayi, kanayi konse adathera m'phwete. Njovu atatumiza ake, foni ya Nkhwali idanjenjemera n'kugwera pansi pa chulu. Ana a Nkhanga ankaimba nyimboyo popita kosamba, ndipo amene adaimva panjira ankafunsa kumene ikuchokera. Pa sabata imodzi otsatira adafika mazana asanu ndi awiri.

Mwa onsewo, wokondedwa kwambiri adali Njiwa wa Mtendere. Ankakhala woyamba kuvomera. Wina akadwala, uthenga wa chipepeso woyamba unkachokera kwa iye. Amayi ambiri ankamuuza mayina a ana awo ndi kumene amasewera. Ndipo ndemanga yake iliyonse kwa Nkhwali inkathera pa funso limodzi, la ana.

Koma Nkhwali adazindikira kanthu. Njiwa uja sadatumizepo mawu. Adamulembera uthenga wapambali.

"Achimwene, nyimbo ija simudavomere."

"Ndili ndi chimfine, mayi."

Patapita masiku awiri adamulemberanso.

"Chimfine chija chatha?"

"Chatha, koma foni yanga sikujambula bwino mawu."

"Bwerekani ya anzanu. Kwathu amene savomera nyimbo amatuluka m'bwalo. Ndipo ana anga amakonda kulira kwa njiwa, ndikufuna ndikawamvetse."

Mawu adabwera tsiku lomwelo. Nkhwali adaika foni kukhutu. Poyamba kudamveka kung'ung'udza kwa wina woyesetsa kulira ngati njiwa, mawu akuwapanikiza pakhosi. Koma pofika pamene nyimboyo imathamanga, mpweya udamuthera woimbayo, ndipo padatuluka mluzu wautali, wakuthwa. Nkhwali adangopezeka wagona chafufumimba mu udzu. Miyendo yake idauzindikira mluzuwo mutu usanaganize n'komwe. Adali Mphamba, wodya ana a mbalame ndi a mbewa.

Adathamanga kukauza mwamuna wake, naitanitsanso Nthengu.

"Mutsekereni kunja basi," adatero Nthengu. "Ndi kudina kamodzi."

"Mawa abweranso ngati Mpheta wa Chikondi, ndipo sindidzamudziwa."

"Ndiye muululeni pagulu."

"Ndani andikhulupirire? Adzati ndine wansanje. Uyutu adapepesa maliro a agogo ake a aliyense."

Bambo a Sungeni adali atafungatira ana onse anayi pansi pa mapiko, ngakhale kunkatentha.

"Amake Sungeni, tsekani tsambalo. Buku si mwana. Tidzakhala opanda buku, monga takhalira masiku onsewa."

Nkhwali adatenga foni, napita ku chulu ndi cholinga chokatseka. Atafika adapeza Njiwa wa Mtendere walemba poyera, mwaulemu wake womwe uja: "Abale, ndikungofunsa. Wolemba nthano za ana amene sadationetsepo ana ake, alidi nawo? Nanga nthanozi ndi zakedi?" Pansi pake padali ndemanga zambiri. Ena ankati nzoonadi, akubisa chiyani. Otsatira makumi asanu adali atachoka kale. Kutali kudamveka kugunda kwa bingu.

Nkhwali adatsika pang'ono pa tsambalo, naona Mbewa waikanso chithunzi cha ana ake ali pakhomo pa una, ndipo Njiwa uja wafunsa kuti amatuluka nthawi yanji. Kenaka adapukuta foni ndi phiko, nalemba mauthenga atatu.

Woyamba udapita kwa a Nungu: "Bwana, mawa masana bwerani ku chulu mudzaone nokha mmene ntchito ikuyendera."

Wachiwiri udapita kwa onse: "Mawa dzuwa lili pamutu ndiulutsa pompopompo, mudzandiona ndi maso ndikusimba za kalata yomaliza ya Nkhono."

Wachitatu udapita kwa Njiwa wa Mtendere yekha: "Achimwene, mwanena zoona, ndachita manyazi. Inu nokha ndikuuzeni. Ndikamaulutsa, ana anga amagona pansi pa mulu wa udzu wouma kumsi kwa chulu. Mukabwera bwerani mwakachetechete, musawadzutse."

Yankho lidabwera asanaike n'komwe foni pansi: "Ndidzabwera mwakachetechete kwambiri, mayi."

M'mawa Nkhwali adawerenga ana ake kawiri, nauza mwamuna wake kuti asatuluke nawo ngakhale kukasaka chiswe. Atayenda pang'ono adabwerera kudzawawerenganso.

"Akadali anayi," adatero bambo a Sungeni. "Pitani."

Nkhwali ndi Nthengu adatuta udzu wouma, nauunjika kumsi kwa chulu. A Nungu adafika ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, ofesi yanu ilibe mthunzi?"

"Ulipo, bwana. Lowani pansi pa udzuwu, takukonzerani inuyo. Muzimvera muli momwemo."

A Nungu adalowa, Nthengu adawafunditsa udzu bwinobwino mpaka munga womaliza. Sipadatenge nthawi, tulo tidawaba, ndipo mulu uja udayamba kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono, ndendende ngati muli tiana togona.

Nthengu adagwira foni, naiyang'anitsa kwa Nkhwali mwakuti mulu wa udzu uzionekera kumbuyo. Nkhwali adayamba kusimba, ndipo ovomera adadzaza tsamba lonse. Adafika pamene Nkhono adapatsidwa kalata yofunika kuposa zonse, yochokera kwa mkazi amene iye mwini ankamufuna, nayambitsa nyimbo ija. M'mauna, m'mitengo ndi m'madambo nyama zidavomera, aliyense pa foni yake.

Chithunzithunzi chidadutsa pa chulu. Nkhwali adachiona. Thupi lonse linkamuuza kuti agone pansi, koma adalimbitsa miyendo, nakoka nyimbo ija. Chithunzithunzi chidazungulira kachiwiri, chitakula. Kachitatu kudamveka mphepo, ndipo Mphamba adatsika ngati mwala, zikhadabo zili patsogolo, nagwera pa mulu uja ndi mphamvu zake zonse.

Kulira kumene adalira kudamveka ngakhale kwa amene adalibe foni. Adadumpha m'mwamba minga ili mbwee m'mapazi ndi pachifuwa, nagweranso pansi, foni yake n'kuthothoka pansi pa phiko. Nthengu adaitola msanga, naionetsa kwa onse oonera. Pa foniyo padali tsamba la Njiwa wa Mtendere lili chitsegukire, nkhope yofatsa ija ikumwetulira.

"Ndimangobwera kudzapereka moni kwa ana!" adalira Mphamba.

"Moni wa zikhadabo, achimwene?" adafunsa Nthengu. "Chimfine chija chatha? Tatiimbireni kanyimbo!"

Ndipo Nthengu adatengera kulira kwa njiwa kwabodza kuja, ndi mluzu wake kumapeto, mpaka Fisi adalemba kuti wina abwere adzamugwire nthiti. Mphamba adayesa kuuluka, koma phiko limodzi lidakana. Adachoka wapansi, akutsimphina miyendo yonse iwiri.

Apo ndipo a Nungu adatuluka mu udzu, magalasi atapendekera kukhutu, pamsana pali chipala.

"Ndani wandigwetsera mtengo?"

Nthengu adawafotokozera. A Nungu adatembenukira kwa Nkhwali, minga yotsalayo itaima.

"Mayi, mwandisandutsa nyambo ine?"

"Ayi, bwana. Nyambo imadyedwa. Inu ndimadziwa kuti simudyeka."

"Nanga minga yanga khumi ndi iwiri?"

"Imera ina. Ana a Mbewa akadapita sakadameranso."

A Nungu adafuna kukalipa, koma Nthengu adawaika foni ya Nkhwali pamphuno. Nambala ya otsatira inkathamanga ngati madzi a mumsewu. Aliyense ankatumizira mnzake kanema uja. Amene adachoka dzulo ankabwerera ndi abale awo, ena akupepesa, ena akunamizira kuti chala chidangodina chokha. Mbewa adalemba kuti wachotsa zithunzi zonse ndipo akusamuka lero lomwe. Nkhanga adati nayenso wachotsa zake, ndipo akufunsa ngati alipo wodziwa kuchotsa zimene adatumiza apongozi ake. Kamba adalemba kuti nthano yoyamba ija wamaliza, ndipo ndi yabwino.

A Nungu adawongola magalasi. Nambala idadutsa chikwi iwo akuyang'ana, ndipo siidaime.

Kenaka ndemanga zidasintha. Nanga Nkhono? Kalata ya mkazi uja idati chiyani? Mayi, malizani! Nkhwali adatenga foni kwa Nthengu, nayang'ana oonera onse.

"Abale, mwavomera bwino, zikomo. Mapeto ake mukawapeza m'buku."

Adazimitsa. A Nungu adaseka mpaka munga wina udathothoka wokha.

"Mayi, inu ndi woopsa kuposa Mphamba. Bweretsani kope lija mawa m'mamawa, mitamboyi sindikuikhulupirira. Ndipo pachikuto chakumbuyo timaikapo chithunzi cha wolemba ali ndi banja lake."

Nkhwali adapukusa mutu mwamphamvu.

"Chabwino, chabwino," adatero a Nungu. "Tiikapo Nkhono."

Makina adalira masiku atatu osapuma. Buku lomaliza litangolowa m'katoni, madontho oyamba adagunda padenga. Pakhomo pa a Nungu padali kale mzere wa nyama zitafunda masamba a nthochi, ndipo Njovu ankafunsa ngati lilipo la zilembo zikuluzikulu.

Nkhwali adabisa buku lake pansi pa phiko, nadzera njira yokhotakhota monga mwa chizolowezi chake, akucheuka pa chitsamba chilichonse. Atafika, ana adamuunjirira. Sungeni adanunkhiza mapepala. Bambo a Sungeni adalitenga bukulo, nalitembenuza uku ndi uku, nafunsa ngati angabwereke.

Lekeleni adakwera pamsana pa mayi wake.

"Amama, akuti tchire lonse likukudziwani?"

"Akutero."

"Njovunso?"

"Njovunso."

"Nanga ife akutidziwa?"

"Ayi. Inu palibe ndi mmodzi yemwe akudziwa kuti muli kuti, kapena kuti mulipo angati."

Lekeleni adatupa tsaya. Nkhwali adamutsitsa, namukankhira pakati pa abale ake pamene mvula siinkafika, natsegula tsamba loyamba.

"Sendezanani. Amene savomera, Nkhono sasuntha."

Onse anayi adavomera, ndipo abambo awo adavomera mokweza kuposa onse.

Mpaka lero nkhwali ikafuna kumvedwa imakwera pa chulu n'kufuula kuti dziko lonse limve, koma funsani amene adaonapo chisa chake. Yanga yathera pachulu pomwepo. Kumene kuli ana sindikuuzani.